Sikelo yaima: kodi ndichepetsenso chakudya?

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo dandaulo lake ndi limodzi: thupi linayamba kutsika bwinobwino, kenako sikelo yaima. Akuyankha ndi alangizi athu a za kadyedwe. Mayina a olemba tawasunga.

Funso: Ndine mayi wa zaka 38, mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale pafupi ndi Dedza boma. Msinkhu wanga ndi masentimita 160. Mu Januwale ndinkalemera makilogalamu 92, ndipo a kuchipatala atandipeza ndi BP yokwera anandiuza kuti ndichepetse thupi. Nsima ndinatsitsa kuchoka pa mitanda itatu kufika pa iwiri, zoziziritsa kukhosi ndinasiya, kusukulu ndinayamba kupita wapansi. Pofika mu Juni ndinali pa 83. Chiyambire pamenepo sikelo yangoti chilili pa 83, ino ndi sabata yachisanu ndi chiwiri. Kadyedwe sindinasinthe. Mnzanga akuti ndisiyiretu nsima, ndizigonanso osadya madzulo. Nditero?
Mayi mphunzitsi, Dedza

Yankho: Zikomo mayi. Nsima musasiye, mgonero musasiyenso. Makilogalamu 9 m'miyezi isanu ndi ntchito yaikulu. Mwachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a thupi lanu, ndipo kutsika kotere kumapepuza kale BP ndi mawondo. Kuima kumeneku kumagwera pafupifupi aliyense amene akuchepetsa thupi, kawirikawiri pakadutsa theka la chaka. Masabata asanu ndi awiri ndi okwanira kuti tivomereze kuti thupi laimadi, si madzi chabe amene akunamiza sikelo.

Popeza ndinu mphunzitsi, tiyeni tipite pa bolodi. Kalori ndi muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapereka, monga mmene lita ilili muyeso wa petulo. Thupi limawotcha makalori usana ndi usiku, ngakhale muli mtulo, pakuti mtima, ubongo, chiwindi ndi mapapo sizipuma. Pali njira yoyerekezera mphamvu imeneyi yotchedwa Mifflin-St Jeor, imene inatuluka mu 1990. Chulukitsani makilogalamu anu ndi 10. Chulukitsani masentimita a msinkhu wanu ndi 6.25. Phatikizani ziwirizo. Pamenepo chotsani zaka zanu mutazichulukitsa ndi 5. Mayi achotsenso 161, bambo awonjezere 5. Yankho lake ndi zimene thupi limawotcha mutangogona tsiku lonse. Kuti mupeze za tsiku lenileni, munthu wokhala pampando kuyambira m'mawa achulukitse ndi 1.2, woyenda wapansi n'kumaima m'kalasi ngati inu achulukitse ndi 1.4, wogwira khasu nyengo ya dzinja ndi 1.7.

Pa makilogalamu 92 masamuwa akupereka 1,569, ndipo tikachulukitsa ndi 1.4 tikupeza pafupifupi 2,200 patsiku. Pa 83 akupereka 1,479, kutanthauza pafupifupi 2,070. Lole imene yatsitsa matumba a kachewere simwanso dizilo ngati mmene imamwera pokwera nawo chitunda. Kuwonjezera apo thupi limene lataya mafuta limayamba kuumira mphamvu: munthu amakhala pansi msanga, amayenda mwaulesi, osadziwa n'komwe. Tinene kuti lero mukuwotcha pafupifupi 2,000.

Tsopano taonani apa. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Kuti muchotse makilogalamu 9 m'miyezi isanu, ndiye kuti munkadya pafupifupi 1,700 patsiku. Mukanakhala kuti mukudyabe 1,700 yemweyo, bwenzi mukutsikabe ndi kilogalamu imodzi pamwezi. Sikelo ikaima, ikutiuza kuti zolowa zafanana ndi zotuluka, ndiye kuti pali makalori pafupifupi 300 amene alowa m'mbale mwanu mwakachetechete.

Sitikunena kuti mukunama, mayi. Thupi ndilo limachita ukathyali umenewu. Mu 2016 ofufuza a ku America, mmodzi mwa iwo Kevin Hall wa ku National Institutes of Health, bungwe la boma lofufuza za umoyo, anaonetsa kuti pa kilogalamu iliyonse imene munthu wataya, zowotcha zimatsika ndi makalori 20 mpaka 30 patsiku, pamene chilakolako cha chakudya chimakwera ndi pafupifupi 100. Njala imakula kuposa mmene moto wazilalira. Kale mu 1992, ku New York, anayeza anthu amene ankadandaula kuti sakuonda ngakhale akudya pang'ono, ndipo anapeza kuti ankadya pafupifupi kuwirikiza kawiri zimene ankanena, iwo eni akukhulupirira ndi mtima wonse kuti akunena zoona. Ndiye ganizirani nyengo imene sikelo yanu yaima: Juni ndi Julaye wa ku Dedza, chisanu cholowa m'mafupa, tiyi wotentha m'mawa, pa buleki ndi madzulo, mtedza wongokolola kumene uli pa lichero, mbatata ili mbwee pamsika.

Musanadule kalikonse, tengani sabata imodzi yongoyeza, osasintha kadyedwe. Malo oyang'ana ndi awa.

Woyamba ndi mtanda wa nsima. "Mitanda iwiri" si muyeso, chifukwa chipande chimamvera dzanja, ndipo dzanja limamvera njala. Yezani ufa, osati nsima. Magalamu 100 a ufa ali ndi makalori pafupifupi 360, kaya woyera kaya mgaiwa. Kapu ya tiyi yodzaza ufa imalemera magalamu pakati pa 120 ndi 150. Mukapeza kasikelo ka kukhitchini, yezani kapu yanuyo kamodzi kokha n'kusunga nambala yake. Tinene kuti ndi 130, ndipo mphika wa banja lanu umalowa makapu anayi, kuphatikizapo wa phala loyambira. Amenewo ndi magalamu 520, makalori 1,870. Mukaomola mitanda isanu ndi itatu, umodzi uli ndi 235. Mukaomola isanu ndi umodzi kuchokera mu mphika womwewo, umodzi uli ndi 310. Inuyo mukudyabe "iwiri" masana ndi "iwiri" madzulo, koma kusiyana kwake patsiku ndi 300. Mwina makalori anu osowawo abisala pomwepa. Pa nkhani ya mgaiwa: sachepetsa makalori, koma amakhalitsa m'mimba chifukwa cha gaga, ndiye njala imachedwa kubwera. Ife timamukonda pa chifukwa chimenecho.

Wachiwiri ndi botolo la mafuta ophikira. Supuni yaikulu imodzi ili ndi makalori 120, lita imodzi pafupifupi 8,100, ndipo ambiri sitithira ndi supuni, timangopendeketsa botolo mpaka anyezi asambire. Lembani tsiku limene mwatsegula botolo ndi tsiku limene latha. Malita awiri akatha m'masabata awiri pa banja la anthu asanu, aliyense akumwa makalori 230 patsiku a mafuta okha. Botolo lomwelo likakwana mwezi, ndi 108. Ndiwo za anthu asanu zimakoma ndithu ndi masupuni awiri, bola tomato apse bwino.

Wachitatu ndi shuga wa mu tiyi. Kasupuni kakang'ono kosefukira kali ndi makalori pafupifupi 24. Makapu atatu a masupuni atatuatatu ndi 216 patsiku. Mukatsitsa kufika pa kasupuni kamodzi pa kapu, mwapulumutsa 140. Lilime limadandaula sabata imodzi kapena ziwiri, kenako limazolowera. Pakhomo pamene paketi ya kilogalamu imodzi imatha pa sabata, pakulowa makalori pafupifupi 4,000 a shuga yekha.

Wachinayi ndi mtedza, ndipo apa ndi pamene ambiri amadabwa, poti ndi chakudya chabwino. Ndi wabwinodi, koma pafupifupi theka lake ndi mafuta. Dzanja limodzi, magalamu 30, lili ndi makalori 170. Mbale ya mtedza wokazinga ikakhala pambali pamene mukuchonga makope a ana, manja atatu amatha musanafike pa kope lomaliza, ndipo amenewo ndi 500. Nsinjiro ndi mtedza womwewo. Nkhwani zotendera musazisiye, koma tsiku lotendera musathirenso mafuta. Musaiwalenso zolawa pa mphika, zotsalira m'mbale za ana, ndi mandasi a pa buleki, amene limodzi lalikulu limafika 200.

Mukamaliza sabata yoyezayo, dulani 250 mpaka 300 patsiku, osaposa. Sankhani malo awiri kapena atatu: mitanda ibwerere pa kukula kwake kwa mu Januwale, shuga atsike, botolo la mafuta likwane mwezi. Cholinga n'chakuti mubwerere pa 1,700. Pansi pa 1,500 inuyo mulibe chifukwa chofikapo.

Malo amene mwadulawo mudzaze ndi zinthu ziwiri, apo ayi njala idzakugonjetsani. Theka la mbale likhale masamba: kabichi ali ndi makalori 25 okha pa magalamu 100, ndipo mpiru, repu, bonongwe ndi chisoso ndi chimodzimodzi. Kwanuko masamba si osowa. Chachiwiri ndi zomanga thupi, pafupifupi magalamu 90 patsiku kwa munthu wa thupi lanu, kuti chimene chikuchoka chikhale mafuta osati minofu. Dzira limodzi limapereka 6, kapu ya nyemba zophika 15, kapu ya mkaka 8, magalamu 50 a soya pieces zouma pafupifupi 25, ndipo usipa wouma theka la kulemera kwake kapena kuposa ndi zomanga thupi. Muzigawe pa kadzutsa, nkhomaliro ndi mgonero. Kadzutsa wa tiyi ndi buledi yekha ndiye amakufikitsani kwa wogulitsa mandasi nthawi ya 10 koloko.

Kenako dikirani masabata atatu osasinthanso kanthu. Dziyezeni m'mawa katatu pa sabata, mutachokera kuchimbudzi, musanadye, pa sikelo yomweyo itaikidwa pa simenti, ndipo mupeze nambala ya pakati. Yezaninso mimba ndi tepi ya telala podutsa pa mchombo. Nambala ya pakati ikatsika ndi theka la kilogalamu kapena kuposerapo pa masabata atatuwo, zikuyenda, musakhudze. Ikapanda kusuntha, ndipo tepi nayo osasuntha, dulaninso 100 mpaka 150 kapena onjezani mphindi 30 zoyenda. Mukatsika ndi makilogalamu ena asanu, bwerezani masamu aja. Sabata yoyandikira msambo musaiwerengere, chifukwa thupi limasunga madzi okwana kilogalamu kapena kuposa.

Malangizo a mnzanuwo kuipa kwake n'kwakuti wogona ndi njala sagona tulo tokwanira, ndipo wosagona mokwanira amadya kwambiri tsiku lotsatira. Sikelo idzatsika ndi makilogalamu awiri sabata yoyamba, ambiri mwa iwo madzi, ndipo adzabwerera tsiku limene mudzagwirenso nsima. Ngati mukumwa mankhwala a BP ndipo mwayamba kuchita chizungulire mukadzuka pampando, kauzeni a kuchipatala. Thupi likatsika, nthawi zina mlingo wa mankhwala umafunika kuunikidwanso.

Funso: Ndine bambo wa zaka 45, ndimapikula kachewere ku Tsangano n'kumagulitsa pa Lizulu. Ndinatsika kuchoka pa 104 kufika pa 97. Ndimadziyeza pa sikelo ya matumba tsiku ndi tsiku. Lachisanu ndimakhala pa 96, Lolemba ndabwerera pa 97 ndi theka, ndipo zakhala chonchi miyezi iwiri. M'kati mwa sabata ndimadzigwira kwambiri. Loweruka lokha ndi limene ndimakacheza ndi anzanga. Akazi anga akuti vuto ndi kachewere. N'zoona?
Wamalonda, Lizulu

Yankho: Bambo, kachewere alibe mlandu. Wowiritsa ali ndi makalori pafupifupi 87 pa magalamu 100, ndipo ndi chimodzi mwa zakudya zokhutitsa kwambiri. Yemweyo akadutsa pa chiwaya amatuluka ndi makalori opitirira 300, chifukwa madzi amachoka, mafuta n'kulowa m'malo mwake. Mlandu uli pa chiwaya, ndi pa Loweruka.

Kilogalamu ndi theka ya Lolembayo isakuopseni. Kuti thupi liunjike mafuta ochuluka chotero, mungafunike kudya makalori oposa 11,000 pamwamba pa zimene mumawotcha, zimene si zapafupi m'masiku awiri. Ambiri ndi madzi. Mchere wa pa tchipisi ndi kanyenya umagwira madzi. Chakudya chokhutitsa chimasungidwa m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo galamu iliyonse imasungidwa limodzi ndi magalamu atatu a madzi. Chinanso ndi chakudya chimene chikadali m'matumbo. Pofika Lachitatu kapena Lachinayi zonsezi zimakhala zatuluka.

Nambala imene ikutiuza zoona ndi ya Lachisanu. Miyezi iwiri ili pa 96, ndiye kuti sabata yonse mukaiphatikiza, zolowa ndi zotuluka zikufanana. Thupi silitseka buku madzulo aliwonse ngati wa golosale, limawerengera sabata yonse. Tinene kuti Lolemba mpaka Lachisanu mumapereweza 400 patsiku, zonse pamodzi 2,000. Loweruka mabotolo asanu a mowa, lililonse pafupifupi 140, ndi 700. Mbale ya tchipisi ya magalamu 300 ndi 900. Kanyenya wa nkhumba yonona wa magalamu 200 ndi 600 kapena kuposa. Mwafika pa 2,200, musanawerenge za kunyumba. Thukuta la masiku asanu latha madzulo amodzi. Mowa uli ndi makalori 7 pa galamu, pafupi kwambiri ndi mafuta amene ali ndi 9, ndipo masese kapena Chibuku ali ndi chimanga chake pamwamba pa mowawo. Kuipanso kwake mowa umamasula dzanja pa nyama.

Choncho musadulenso za m'kati mwa sabata. Mukatero mudzafika Loweruka muli ndi njala ya fisi. Konzani Lowerukalo. Idyani kunyumba musananyamuke, nsima ndi nyemba kapena mazira. Mabotolo akhale awiri, madzi pakati pake. Tchipisi gawanani mbale imodzi anthu awiri, ndipo nyama ikhale ya mbuzi kapena nkhuku yootcha pa makala, osati yosambira m'chiwaya. Mwa njira imeneyi mupulumutsa makalori oposa 1,000 pa sabata, kutanthauza kupitirira theka la kilogalamu pamwezi, anzanu osawataya.

Sikelo ya matumba sinapangidwire kuona magalamu, ndipo jekete yolimbana ndi mphepo ya pa Lizulu payokha ingakwane kilogalamu. Fananizani Lachisanu ndi Lachisanu linzake, zovala zomwezo, nthawi yomweyo. Gulaninso tepi. Kwa bambo, mimba yopitirira masentimita 94 ndi chenjezo, ndipo yopitirira 102 ikukuikani pafupi kwambiri ndi shuga ndi BP. Kwa mayi manambala ake ndi 80 ndi 88.

Funso: Ndili ndi zaka 24, ndimagwira ntchito mu shopu pa Ntcheu boma. Msinkhu 158, ndinali pa 70, pano ndili pa 61. Ndimalemba zonse pa foni, ndipo ndimadya makalori 900 patsiku. Mwezi wathunthu sindikutsika. Ndimamva chizungulire, tsitsi likuthothoka, ndipo ndadumpha msambo kawiri. Ndagula tiyi wochepetsa thupi amene ndinamuona pa Facebook. Nditsitse kufika pa 700?
Mtsikana, Ntcheu

Yankho: Ayi achemwali, musatsitse. Inuyo muyenera kukweza, ndipo kalata yanu yatidetsa nkhawa. Gawani makilogalamu anu ndi msinkhu wa m'mamita mutauchulukitsa ndi wokha: 61 kugawa ndi 2.5 ndi 24.4. Nambala imeneyi, yotchedwa BMI, imayerekeza kulemera ndi msinkhu, ndipo ikakhala pakati pa 18.5 ndi 24.9 ndiye kuti thupi lili m'malo mwake. Mwafika kale. Thupi lanu limafuna pafupifupi 1,800 patsiku, ndipo mukulipatsa theka. Chizungulire, tsitsi ndi msambo ndi njira yake yokuuzani kuti layamba kutseka zipinda zina kuti lisunge moto wa mtima ndi ubongo.

Popanda dokotala wokuyang'anirani, mayi asatsike pansi pa 1,200, bambo pansi pa 1,500. Kupitirira apo n'kovuta kupeza ayironi, kashiamu ndi zomanga thupi zokwanira, minofu imasungunuka, magazi amachepa, ndipo kuonda mothamanga kumabweretsa timiyala mu ndulu. Msambo ukaima nthawi yaitali chifukwa cha njala, mafupa amafooka, pa msinkhu umene amayenera kukhala akulimba. Sikelo kuima pa kadyedwe kotere n'chifukwa chakuti thupi lozunzika limagwira madzi, limachepetsa kuyenda, ndipo kawirikawiri pamakhala masiku amene njala imapambana, munthu n'kudya zambiri nthawi imodzi kenako n'kudziimba mlandu. Zikakhala kuti zimakuchitikirani, si kufooka kwa mtima ayi, ndi njala.

Sabata ino pitani kuchipatala. Akayeze ngati muli ndi pakati, popeza msambo wadumpha, akayezenso kuchuluka kwa magazi. Auzeni zonse, ndi za 900 zomwe. Chakudya kwezani ndi 200 masiku atatu kapena anayi aliwonse mpaka mufike pa 1,800: phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi dzira m'mawa, mtanda umodzi kapena iwiri ya nsima ndi nyemba kapena usipa ndi masamba masana ndi madzulo, nthochi kapena kapu ya mkaka pakati. Sikelo idzakwera ndi kilogalamu imodzi kapena iwiri m'masiku oyamba. Amenewo ndi madzi ndi chakudya cha m'matumbo, musabwerere m'mbuyo. Tiyi uja mutayeni. Ambiri mwa matiyi otere amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, amachotsa madzi ndi mchere wofunika m'magazi, mafuta osawakhudza. Mukaona kuti kuwonjezera chakudya kukukuchititsani mantha, kapena kuti maganizo a chakudya ndi sikelo sakukupatsani mpata, nenani zimenezo kwa a chipatala ndi kwa munthu wamkulu amene mumamukhulupirira. Ndi vuto lodziwika ndipo lili ndi chithandizo.

Funso: Ndili pa ma ARV, ndiponso ndimabayitsa jakisoni wolera wa miyezi itatu. Ndachepetsa chakudya monga mumanenera koma thupi likukana. Kodi ndi mankhwalawa? Ndiwasiye kaye?
Mayi, Mtakataka

Yankho: Musasiye, mayi, ngakhale tsiku limodzi. N'zoona kuti mankhwala ena amakoka thupi. Kuyambira mu 2019 anthu ambiri m'Malawi muno anasinthidwira ku ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene amagwira bwino kwambiri ntchito koma ena, makamaka amayi, amanenepa nawo. Jakisoni wa Depo-Provera nayenso amawonjezera thupi kwa amayi ena. Koma kusiya ma ARV kumadzutsa kachilombo ndipo kungachititse kuti mankhwalawo asadzagwirenso ntchito. Kuonda kobwera mwa njira imeneyo ndi matenda.

Mankhwalawa sathetsa masamu a makalori, koma kwa inu ulendo ukhoza kukhala wochedwerapo. Theka la kilogalamu pamwezi, ngakhale kungoletsa thupi kukwera, n'kupambana ndithu. Yezani ufa, mafuta ndi shuga monga tawauzira mayi a ku Dedza aja. Tsiku lokatenga mankhwala pemphani akuyezeni shuga ndi BP, ndipo ku chipinda cha zakulera funsani za njira zina monga lupu, imene ilibe mahomoni ngati ili ya kopa. Mukamamva kuzizidwa ngakhale kukutentha kwa ku Mtakataka, kutopa, kudzimbidwa, khungu kuuma, kapena khosi kutupa, atchulireni kuti aone chithokomiro.

Tionjezepo mawu kwa odwala shuga amene amamwa glibenclamide kapena kubaya insulin: musachepetse chakudya musanakambirane ndi achipatala, pakuti shuga angatsike mpaka kukomoka. Amayi oyembekezera asachepetse thupi, ndipo oyamwitsa adziwe kuti mwana amatenga makalori pafupifupi 500 patsiku. Amene thupi likungotsika lokha asakufuna, makamaka pali chifuwa, thukuta la usiku, kapena ludzu ndi kukodza pafupipafupi, apite akayezetse msanga.

Funso: M'malo modula chakudya ndayamba kukwera phiri la Dedza Loweruka lililonse. Wotchi yanga imati ndawotcha 900, ndiye ndikatsika ndimadya momasuka. Ndili pa 90, ndipo chiyambire masabata atatu apitawo ndakwera ndi theka la kilogalamu. Masiku ena onse ndimakhala mu ofesi.
Bambo, Dedza boma

Yankho: Phirilo musalisiye, achimwene. Kuchoka pa boma kukafika pansonga, pa mamita 2,198, mtima ndi miyendo zimapindula kwambiri. Theka la kilogalamulo likhoza kukhala madzi, poti minofu imene yangoyamba ntchito yolemetsa imasunga madzi kwa masabata angapo. Koma 900 uja, ngakhale wotchi itanena zoona, mukamugawa pa masiku asanu ndi awiri ndi 130 patsiku, ndipo mawotchi amenewa amaphonya kwambiri powerenga makalori. Amaphatikizanso zimene mukanawotcha mutangokhala pakhonde. Mukadya "momasuka" mwabweza zonse, ndipo Lamlungu mumaswera pa mpando miyendo ikuphwanya.

Makalori a pa wotchi musamawadye. Loweruka idyani monga tsiku lina lililonse, kungowonjezera nthochi ziwiri ndi madzi a panjira. Chimene chingasunthe sikelo yanu ndi masiku asanu a mu ofesiwo. Munthu wa makilogalamu 90 amawotcha makalori owonjezera pafupifupi 45 pa kilomita iliyonse ya wapansi. Makilomita anayi patsiku, awiri popita awiri pobwera m'malo mokwera kabaza, ndi 180, ndipo pa masiku asanu ndi 900, phiri linanso lathunthu lopanda njala yake. Bungwe la WHO limalimbikitsa mphindi 150 mpaka 300 zolimbitsa thupi pa sabata, ndiponso masiku awiri olimbitsa minofu: kunjuta, ma push-up, kunyamula zigubu za madzi. Pa chakudya dulani 200 okha, kuyambira pa shuga wa tiyi wa mu ofesi ndi botolo la chakumwa cha pa nkhomaliro, limene la mamililita 300 lili ndi makalori pafupifupi 125. Dziyezeni Lachisanu m'mawa, osati Lamlungu mutangotsika phiri, ndipo mutilemberenso pakatha masabata atatu mutatenga manambala onse atatu pamodzi ndi a tepi.